Wovulala m'mutu asamadzibweze yekha m'bwalo

Nthawi iliyonse wosewera wodalirika akagundana mitu ndi mnzake n'kusowa m'bwalo kwa masabata angapo, mkangano wake umakhala womwewo. Umamveka pa Mzuzu Stadium mpira usanayambe, m'malo ometera ku Chibavi ndi ku Chiputula, ndiponso m'magulu a WhatsApp a masapota. Wina amati, "Ndamuona dzulo mumsika akuyenda bwinobwino, akudwala chiyani ameneyo?" Mnzake amayankha kuti mnyamatayo wayamba matama, wachitatu n'kunena kuti akuzemba dala chifukwa timu ina yamulonjeza ndalama. Omuikira kumbuyo amakhala ochepa, ndipo nawonso amachita kunong'ona. Ine ndili mbali ya ochepawo, koma ndikupitirira pamene iwo amalekeza. Maganizo anga ndi akuti wosewera amene tikumukayikira kuti ubongo wake wagwedezeka atuluke m'bwalo nthawi yomweyo, asalowenso tsiku limenelo, ndipo asasewere gemu ina mpaka zizindikiro zonse zitatha komanso patadutsa masiku osachepera 21. Chigamulochi chisakhale m'manja mwa wosewerayo kapena kochi wake, chifukwa onse awiri ali ndi chowakankha kuti abise chilungamo. Ndipo mtolo wa masabata amenewo usenzedwe ndi timu, osati wovulalayo.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'mutumo, popeza mkangano wonse umachokera pa kusaoneka kwa bala. Ubongo ndi wofewa, ndipo umakhala m'madzi mkati mwa chigaza. Mutu ukagwedezeka mwadzidzidzi, kaya ndi chigongono, mutu wa mnzako, nsanamira ya golo, kapena kugwa chagada pa bwalo louma gwa la mu Okutobala, ubongo umasuntha ndipo timitsempha take timakokeka. Azachipatala amati concussion. Chigaza sichisweka, magazi satuluka, koma kwa masiku angapo ubongo umafuna mphamvu zambiri zodzikonzera pamene mphamvuzo zachepa. N'chifukwa chake munthu amamva litsipa, chizungulire ndi mseru, kuwala kumamulasa m'maso, phokoso limamusowetsa mtendere, amaiwala zimene wangouzidwa kumene, tulo timasokonekera, ndipo amapsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Zina mwa izi zimabwera nthawi yomweyo, zina zimatha kudikira mpaka maola 72, monga FIFA ndi bungwe la zaumoyo la WHO anachenjezera pa kampeni yawo ya mu 2024. Anthu ambiri amachira pakati pa masabata awiri ndi anayi. Koma alipo ndithu, makamaka achinyamata ndi amene anavulalapo kale m'mutu, omwe zizindikiro zimawakakamira kupitirira mwezi, ena mpaka miyezi ingapo. Awa ndi amene timawaona mumsika n'kuwatcha aulesi.

Gulu loyamba la otsutsa limati mpira si masewero a ana, walira mvula walira matope. Ambiri mwa awa ndi akuluakulu amene anaumenyapo mpira m'masiku awo, ndipo amakuonetsa zipsera za pamphumi monyadira. Amati, "Ife tinkagundana mitu, kutithira madzi, n'kupitiriza, ndipo tilipo mpaka lero." Amawonjezera kuti ngati munthu sanakomoke ndipo sanatuluke magazi, ndiye kuti palibe chachitika. Sindikuwapeputsa, chifukwa n'zoona kuti kugundana sikudzatha mu mpira, ndipo n'zoonanso kuti ambiri mwa iwo anachira okha. Komabe mfundo yawo ikuphonya zinthu ziwiri. Choyamba, kukomoka si muyeso: mwa anthu 10 amene ubongo wawo wagwedezeka pa masewero, pafupifupi 9 sakomoka n'komwe. Pa fainolo ya World Cup ya 2014, Christoph Kramer wa Germany anagundidwa kumutu ndi phewa la wosewera wa Argentina, anadzuka, n'kupitiriza kwa mphindi zoposa 10. Ali m'bwalo momwemo anapita kwa woyimbira, Nicola Rizzoli, kukafunsa ngati imeneyo inali fainolo. Miyendo inkathamanga koma mwini wake sankadziwa kumene ali. Chachiwiri, amene amatiuza kuti alipo mpaka lero ndi amene anapulumuka, ndipo amene sanapulumuke sabwera kudzatsutsana nafe. Ubongo umene sunachire ukagundidwanso, nthawi zina umatupa mofulumira mpaka munthu kufa. Sizichitika kawirikawiri, koma zimakonda kugwera ana ndi achinyamata. Ben Robinson wa ku Northern Ireland anali ndi zaka 14 pamene anamwalira mu 2011, ataloledwa kupitiriza masewero a rugby a kusukulu atagundidwa kale m'mutu.

Amene amaonera mpira wa m'makwalala akudziwa kale mmene timachitira kuno. Ndinaona pa bwalo lina la sukulu cha ku Zolozolo wotchinga kumbuyo atagundana ndi goloboyi wake polimbirana mpira wa kona. Ali chigonere, mnyamata wina anathamanga ndi chigubu cha madzi n'kumukhuthulira kumutu, wina anamuwomba timakofi m'masaya, awiri anamukoka mikono kuti aime, khamu likukuwa kuti, "Dzuka mphongo!" Palibe anaganiza za khosi lake. Anadzukadi, anthu n'kuwomba m'manja, koma mpira utayambanso anakaima mbali ya timu inayo, ndipo anafunsa mnzake kawiri kuti zigoli zili bwanji. Anthu anaseka. Kochi anamusiya momwemo chifukwa kunatsala mphindi zochepa ndipo pa benchi panalibe wina wodalirika. Palibe mwa anthu amenewa amene anali ndi mtima woipa, ndipo n'chifukwa chake ndikuti nkhaniyi singasiyidwe ku mtima wabwino wa anthu.

Gulu lachiwiri ndi limene lili ndi mfundo yolemera kwambiri, ndipo ndikhalitsapo. Awa amati zonsezi n'zabwino kwa wosewera wa ku England amene malipiro ake amalowa ku banki kaya wasewera kaya ayi, koma mnyamata wa ku Mchengautuwa amadya za gemu bonasi. Akakhala panja masabata atatu, lendi imudikira? Malo ake sawatenga wina? Amati munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha yekha chochita ndi thupi lake, ndipo kumuletsa kusewera n'kumulanda nsima pakamwa. Izi n'zoona, ndipo aliyense wolankhula za umoyo wa osewera mosatchula ndalama akungocheza. Komabe tikaiunika bwino mfundoyi, ikuthandiza mbali yanga. Ngati njala ndi mantha otaya malo ndi zimene zikusankhira munthu, ndiye kuti sakusankha momasuka. Kuwonjezera apo, chiwalo chimene amagwiritsa ntchito posankha ndi chomwecho chimene chavulala. Ngakhale olemera amagwa mu msampha umenewu. Jan Vertonghen, akusewera ku Tottenham, anavulala kumutu pa gemu ya Champions League yolimbana ndi Ajax mu 2019. Pambuyo pake anaulula kuti anakhala miyezi 9 akuvutika ndi chizungulire ndi litsipa, koma anapitiriza kusewera chifukwa kontirakiti yake inali itatsala chaka chimodzi, ndipo kaseweredwe kake kanatsika anthu osadziwa chifukwa. Ngati munthu wa ndalama zake anabisa chomwecho, tingayembekezere kuti mnyamata wodikira bonasi ya Loweruka auze kochi kuti mutu ukumuzungulira?

Tsono yankho si kumusiya kuti asewere. Yankho n'kuchotsa chilango chimene chimabwera munthu akanena zoona. Wovulala m'mutu azilandira bonasi yofanana ndi ya anzake a pa benchi pa masabata amene lamulo lamuimitsa, ndipo kontirakiti yake isathetsedwe chifukwa cha kuvulalako. Atsogoleri a matimu anena kuti ndalama kulibe, koma matimu omwewo sathamangitsa munthu amene wathyoka mwendo akumenyera timu, chifukwa pulasitala imaoneka ndipo masapota angawanyoze. Kusiyana kwake n'kwakuti bala la mu ubongo silichititsa manyazi aliyense. Ndiponso kuwerengera kwa ndalama komweko kukutsutsa kuthamangira. Ofufuza apeza kuti achinyamata amene amapitiriza kusewera atavulala m'mutu amatenga nthawi yotalika pafupifupi kawiri kuti achire poyerekeza ndi amene atuluka nthawi yomweyo. Apezanso kuti wobwerera m'bwalo pambuyo pa vutoli amakhala pa chiopsezo chachikulu chovulala bondo kapena akakolo, chifukwa thupi limachedwa kumvera. Kochi amene akukana kutaya wosewera kwa masabata atatu akhoza kumutaya kwa theka la sizoni. Ndipo pa tsiku lenilenilo, wosewera wozunguzika sathandiza timu. Okonda Liverpool sanaiwale zigoli ziwiri zimene Loris Karius anapereka ngati mphatso kwa Real Madrid pa fainolo ya 2018. Patapita masiku ochepa, madokotala a ku Boston anamuyeza n'kupeza kuti ubongo wake unagwedezeka pa gemu yomweyo.

Gulu lachitatu limati awa ndi malamulo a kwa azungu, kumene timu iliyonse ili ndi dokotala ndi makina ojambulira mutu, pamene kuno ngakhale bandeji imasowa. Apa pali kusamvetsa kumene kuyenera kukonzedwa. Makina ojambulira mutuwo, otchedwa CT, saona kugwedezeka kwa ubongo. Ntchito yake n'kufufuza ngati magazi akukha mkati kapena chigaza chasweka, ndipo munthu wa concussion akajambulidwa, chithunzi chimatuluka chabwinobwino. Zimene zimafunika pambali pa bwalo ndi maso ndi mafunso asanu amene mphunzitsi aliyense wa pulayimale angafunse: tili pa bwalo liti, ndi chigawo chiti chino, wagoletsa komaliza ndani, sabata yatha tinasewera ndi timu iti, ndipo tinapambana kodi? Akaphonya limodzi, kapena akudzandira, kapena maso angoti tong'o, atuluke. Akayankha onse bwino koma akudandaula mutu, atulukebe. Ndipo akayamba kusanza mobwerezabwereza, litsipa likukulirakulira, akugwa khunyu, akuodzera mosadzutsika, dzanja kapena mwendo wafooka, kapena khosi likupweteka kwambiri, imeneyo si nkhani ya pa bwalo, ndi ya kuchipatala msangamsanga, ndipo kuno tili ndi mwayi woti Mzuzu Central Hospital ili pafupi. Za masiku 21 nazonso sizinalembedwere matimu olemera. Zili m'malangizo amene dziko la United Kingdom linatulutsa mu 2023 kaamba ka masewero a m'madera ndi m'masukulu, kumene kulibe dokotala woyang'anira wosewera tsiku ndi tsiku. Kusowa kwa madokotala ndi chifukwa chowonjezera masiku odikira, osati chowachepetsa.

Ena amaopa kuti matimu azinamizira kuvulala m'mutu kuti apeze mwayi wosintha wosewera wina. Bungwe lopanga malamulo a mpira la IFAB linaganizira kale zimenezi pamene linavomereza mu 2024 kuti mpikisano ukhoza kulola kusintha kowonjezera kwa wovulala m'mutu: timu ina ikagwiritsa ntchito mwayiwu, inzake nayo imapatsidwa mwayi wosintha wina. Ndipo ngati wotuluka mwa njira imeneyi akhala panja masiku 21, ndi kochi uti angataye wosewera wake masabata atatu pofuna kuba mphindi 10?

Tsopano ndibwere kwa amene zizindikiro zawakakamira, chifukwa awa amavutika kawiri, ndi mutu komanso ndi pakamwa pa anthu. Taganizirani mtsikana wa Fomu 4 amene anagwa n'kumenyetsa mutu pa simenti akusewera mpira wamanja. Patha milungu isanu. M'kalasi akayang'ana pa bolodi kwa kanthawi, zilembo zimayamba kuvina ndipo mutu umagunda. Amawerenga ndime imodzi katatu osagwira kanthu, chonsecho mayeso a MSCE akuyandikira. Kunyumba amayamba ndi Panado. Kenako amapita naye kukayezetsa malungo, zotsatira n'kusonyeza kuti alibe, koma mankhwala a malungo amagulidwabe pa sitolo, poti kwathu kuno litsipa lililonse ndi malungo. Zikakanika, azakhali amayamba kufunsa kuti mwanayu anakangana ndi ndani ku timu, ndipo nkhani imalowera kwa asing'anga. Aphunzitsi amati wayamba zibwenzi. Palibe amene akulumikiza zonsezi ndi kugwa kuja, chifukwa anadzuka yekha ndipo anamaliza gemu. Mwana wotere amasiya kudandaula poona kuti palibe akumukhulupirira, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Chomvetsa chisoni n'chakuti Panado ndi Brufen womwedwa pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu yambiri amatha kuyambitsa litsipa lakelake, ndiye mankhwala omwewo amasanduka mbali ya vuto.

Pamenepa ndiyenera kutsutsananso ndi a mbali yanga, makamaka makolo achikondi amene amati mwana agone m'chipinda chamdima mpaka atachira, ndipo za mpira aiwaliretu. Kale madokotala ankalangiza zomwezo, koma akatswiri a za kuvulala m'mutu pa masewero amene anakumana ku Amsterdam mu 2022 anagwirizana zina. Kupuma kwenikweni ndi kwa tsiku limodzi kapena awiri oyamba, ndipo pa masiku amenewo foni ndi TV zichepe. Pambuyo pake munthu ayambe kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa kugona masabata ambiri kumafooketsa thupi, kumasokoneza tulo, ndipo kumabweretsa nkhawa imene imakulitsa litsipa lomwelo. Njira yake ndi ya makwerero. Amayamba ndi kuyenda ndawala, mwina kuchoka ku Katoto kukafika m'tauni m'mawa dzuwa lisanawale kwambiri. Kenako kuthamanga pang'ono, kenako kuthamanga ndi mpira payekha osaumenya ndi mutu, kenako thireningi ndi anzake popanda kugundana. Sitepe iliyonse itenge maola osachepera 24. Mutu ukangolemera pang'ono n'kusiya ola lisanathe, palibe choopsa. Ukapweteka kwambiri kapena kwa nthawi yaitali, aime, ayesenso mawa. Kugundana ndi kumenya mpira ndi mutu kumabwera komaliza, zizindikiro zitatheratu ndipo wachipatala atavomereza. Kwa mwana wa sukulu, kalasi ibwerere kaye bwalo lisanabwerere: ngati sangathe kukhala m'kalasi tsiku lonse, sanakonzeke kusewera gemu. Zili ngati simenti ya pakhonde, imene imaoneka youma pamwamba mawa lake lomwe, koma mmisiri amakuletsabe kuikapo katundu wolemera.

Zizindikiro zikapitirira masabata anayi, kudikira kokha sikukwanira, ndipo apa m'pamene ambiri amataya mtima msanga. Kawirikawiri litsipa ndi chizungulire zokhalitsa zimachokera ku khosi limene linakokeka pa kugundana komweko, kapena ku ziwalo za mkati mwa khutu zimene zimathandiza munthu kuima osadzandira, kapena ku maso amene akuvutika kugwirira ntchito limodzi. Zonsezi zili ndi chithandizo, ndipo zambiri ndi ntchito ya afiziyo, achipatala othandiza ndi mafizo, osati ya mapiritsi. Wopita kuchipatala anene momveka kuti vutoli linayamba atagundidwa m'mutu tsiku lakuti, chifukwa akangoti mutu ukupweteka adzabwera ndi Panado yemweyo. Mowa ausiye kaye, agone ndi kudzuka nthawi yofanana, ndipo amene amapalasa kabaza kapena kuyendetsa njinga yamoto pakati pa sabata, monga amachitira osewera ambiri a m'matimu ang'onoang'ono, asanyamule munthu akumva chizungulire. Palinso mbali imene amuna sitikonda kuitchula. Munthu amene moyo wake wonse unali mpira akakhala kunyumba miyezi iwiri, anzake osamuimbira, amayamba kudziona wopanda ntchito, ndipo kukhumudwa kumeneku kumachedwetsa kuchira. Mzuzu ili ndi St John of God, kumene kuli anthu odziwa za maganizo, ndipo kupitako si misala. Timu nayo isamutaye: abwere ku thireningi, agwire wotchi, akhale pa benchi ngati phokoso akulipirira.

Ndikuvomereza kuti alipo ena amene makwerero amenewa sadzawafikitsa pamwamba. Munthu amene wavulala m'mutu kangapo, ndipo ulendo uliwonse kugunda kocheperako kukumugwetsa kwa nthawi yotalikirapo, ayenera kukhala pansi ndi dokotala ndi abale ake n'kukambirana zosiya masewero ogundana. Ndi nkhani yowawa, makamaka kwa wa nkhonya kapena wotchinga kumbuyo amene ntchito yake ndi mipira ya m'mwamba. Koma kuti tidziwe kuti aka n'kachitatu, payenera kukhala polemba koyamba ndi kachiwiri, ndipo wosewera akasamuka timu mbiriyo izisamuka naye.

Pachifukwa chimenechi ndikuti lamuloli likhale lolembedwa m'malamulo a mpikisano uliwonse, kuyambira ligi yaikulu ya dziko lino ya mabungwe oyendetsa mpira a FAM ndi SULOM mpaka ligi ya chigawo ndi zikho za masukulu. Woyimbira akhale ndi mphamvu yotulutsa wosewera amene akumukayikira, ngakhale kochi atalumbira kuti ali bwino, ndipo alembe dzina lake mu lipoti monga amalembera wa khadi yofiira. Timadziwa kale kusunga mayina a oimitsidwa chifukwa cha makhadi, ndiye kaundula wa ovulala m'mutu sangatikanike. Wosewerayo abwerere ndi kalata ya dokotala kapena kiliniko ofesa amene si wa timuyo, ndipo timu yomuseweretsa masiku asanakwane ilandidwe mapointi. Kumene kukundidetsa nkhawa kwambiri ndi ku mabonanza, kumene anyamata amasewera magemu angapo pa masiku awiri polimbirana ndalama, ndipo wovulala Loweruka amafunidwanso pa fainolo ya Lamlungu. Andale ndi amalonda amene amathandiza zikho zimenezi amapeza ndalama za mayunifolomu, zokuzira mawu ndi ma T-shirt a nkhope zawo. Pa ndalama zomwezo apatulepo ya wachipatala mmodzi wokhala pambali pa bwalo ndi galimoto yodikira, ndipo mafumu ndi makomiti a masukulu amene amabwereketsa mabwalo azifunsa za zimenezi asanapereke chilolezo.